Mbuna za Bwana Kasongo

Kabwe
9 Malichi 1975

Amake Annet,

Muli bwanji inu ndi Annet, ndi mlendo amene mwanyamulayo? Ine ndili bwino, kungoti kachifuwa ka fumbi la kumgodi, koma kuno aliyense amatsokomola ndiye sindikudandaula. Kalatayi sikudzera ku positi. Ndapatsira dalaivala wa lole, mnzawo wa achimwene anga a Beston, akaisiya kwa abale athu ku Chipata ndipo iwo adziwa poidutsitsa. Muwerenge nokha, Sitandade 4 yanu ija igwire ntchito lero, musapite nayo kwa aphunzitsi.

Ntchito ndaipeza, koma musaseke. Ndikuweta nsomba. Osati padamu ayi, m'nyumba, pabalaza penipeni, m'mabokosi agalasi odzaza madzi amene amawatcha matanki. Bwana wanga ndi a Kasongo, munthu wa malole ambiri. Anagula nyumba ya mzungu wa kumgodi amene wabwerera kwawo, ndipo mzunguyo anasiya nsomba zake momwemo. Si zodya, n'zongoyang'ana. Yaikulu pa zonsezo siiposa chala changa chapakatichi, mwakuti zonse pamodzi sizingakwane ndiwo ya Annet.

Mmene ndinaipezera ntchitoyi ndi pamene pali nkhani. A Beston anamva ku njanji kumene amagwira kuti bwanayo akufuna munthu wodziwa nsomba, ndiye anakawauza kuti mng'ono wawo ndi wa ku Nkhotakota, anabadwira m'bwato. Ine wa kwa Mkanda, amene nyanja ndinangoiona pa kalendala ya kutchalitchi! Kuno munthu aliyense wa ku Malawi amati ndi Mnyasa, ndipo amaganiza kuti tonse timasamba m'nyanja m'mawa uliwonse. Bwana atandifunsa ngati n'zoona, ndinayang'ana a Beston, a Beston anayang'ana kudenga, ine n'kuvomera.

Tsono mverani chimene chandigwira mtima. Bwana akufuna nsombazi ziswane monga zinkaswanira kwa mzungu, chifukwa anzawo akuwaseka kuti nyumba anagula koma nzeru zake zinakwera ndege. Akudziwa kuti ndilibe chitupa cha kuno, chimene amati reji. Anena kuti tsiku limene adzaone tiana m'tankimo adzandipezera reji, poti ali ndi anzawo m'maofesi. Popanda rejiyo sindingabwere kumudzi. Pobwera paja ndinadutsa pa mlatho wa Luangwa nditagona pansi pa matumba a mtedza, ndipo dalaivala uja wanenetsa kuti sadzayerekezanso, masiku ano apolisi akutsitsa katundu yense. Amene amugwira sindidziwa kumene akupita naye. A Beston nkhani ikafika pamenepo amayamba kufunsa za mvula.

Ndawerengera miyezi yanu. Mulungu akalola mudzachira chakumapeto kwa Julayi, ndiye kuti mwambo wotenga mwana udzagwa cha mu Novembala. Azakhali anu ndikuwadziwa, za mpingo amazisiya pakhomo la tchalitchi. Ndinamva ndi makutu angawa zimene ananena pa mwana wa Felistus, kuti bambo akakhala kutali mwana sangadikire mpaka kalekale, amapeza mwamuna wina woti alowe m'nyumba. Muwauziretu kuti bambo wa mwana uyu alipo, ndipo adzabwera yekha.

Ndatumiza chitenje chimodzi ndi sopo. Denga la khola la mbuzi likudontha chakumadzulo, mupemphe alongo anu alikonze.

Ndine mwamuna wanu,
Zacheus


Kabwe
13 Epulo 1975

Amake Annet,

Kalata yanu ndinailandira, ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti miyendo yaleka kutupa. Ine ndili bwino. Ndaona mwandilemba kuti abusa a nsomba. Sekani, tsiku lina mudzavala nsapato za ubusa womwewu.

Mlandu wa mwezi uno unali kusankha. M'tanki yaikulu muli mitundu itatu yosakanikirana, ndipo pambali pali tanki yaing'ono imene mzungu ankaswetsera. Bwana anati ndisankhe mtundu umodzi woika m'menemo, poti katswiri ndine. Masabata awiri ndakhala ndikuzungulira galasi, manja kumbuyo, kugwedeza mutu ngati dokotala, mumtima mulibe kanthu.

Mtundu woyamba ndi zaphanthi ngati tsamba la mbatata, za ndevu zazitali. Mayi a m'nyumba muno, a Phoebe, amazikonda zimenezi, akuti zinachokera ku Amereka. Koma n'zamanyazi, ukangotseka chitseko mwamphamvu basi zasiya kudya. Wachiwiri ndi zofiira za timadontho tonyezimira, za ku Zaire. Zilipo ziwiri zokha, ndipo sindidziwa ngati ndi yaimuna ndi yaikazi kapena zazimuna zokhazokha, zimangothamangitsana tsiku lonse. Wachitatu ndi za kwathu, akuti dzina lake mbuna. Ilipo imodzi ya buluu ya mizere yakuda, yamatama kwabasi, ndi ziwiri zotuwa zimene mayi akuti mzungu anawauza kuti ndi zazikazi.

Ndikuuzeni zoona, mtima unkafuna ndisankhe za ku Amereka. Zikanakanika ndikanati bwana, izi si za kwathu, sindizidziwa. Ndi mbuna ndilibe pothawira. Koma ndinadzifunsa kuti kodi ndikufuna pothawira kapena ndikufuna tiana? Ndiye ndinachita monga timachitira posankha nkhuku zoweta. Ndinayang'ana zimene zimathamangira chakudya, zosaopa munthu, zosafota, ndiponso zimene ndikudziwa tambala wake ndi misoti yake. Ndi mbuna basi. Zimadya chilichonse, ngakhale ndere za pagalasi zimakukuta.

Nditanena, mayi anakwinya nkhope pang'ono, koma bwana anaseka n'kundimenya paphewa, amvekere Mnyasa wasankha abale ake. Anawonjeza kuti tsopano ndilibe chonamizira. Ananena akuseka, koma ine mawuwo ndinagona nawo.

Mzungu anasiya pepala la Chingerezi limene mayi anandiwerengera kamodzi. Limangonena za chakudya ndi madzi, kuti madzi a pampopi aziyamba agona m'dilamu asanalowe m'tanki. Za kuswana mulibe ngakhale liwu limodzi. Chakudya cha m'chitini chimene anasiya chikutha ndipo m'masitolo mulibe, ndiye ndikumasinja kapenta ndi masamba owiritsa. Ndiponso m'masitolomo simukusowa za nsomba zokha, mafuta ophikira anthu akufolera kuyambira mbandakucha.

Chimanga mukolole msanga chiswe chisanayambe. Musanyamule zolemera, alongo anuwo ali ndi mitu.

Ndine wanu,
Zacheus


Kabwe
25 Meyi 1975

Amake Annet,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira. Nsomba zili ndi kachitsulo ka magetsi kozitenthetsera madzi, ine ku boyizikota ndili ndi bulangete limodzi lija. Musadandaule, a Beston andibwereka jekete.

Mbuna zitatu zija zakhazikika m'tanki yaing'ono. Yaimunayo yakumba dzenje mumchenga, imanyamula mchenga pakamwa n'kukalavula pambali, ndipo ikatha imadzigwedeza pamaso pa zazikazi ngati mnyamata amene wagula wailesi. Ndinaganiza kuti mwina chimenecho ndi chisa, ndiye m'mawa uliwonse ndimasuzumira m'dzenjemo kufuna mazira. Mulibe. Bwana nawo akadzuka, asanasambe n'komwe, amabwera kudzasuzumira, kenaka amayang'ana ine.

Lachiwiri lapitali ku komboni ya Chowa apolisi anatseka msika mbali zonse n'kumafunsa reji munthu mmodzimmodzi. Mukumukumbukira Sailas wa ku Dowa, amene ndinabwera naye pa lole? Anali atapita kukagula makala. Mkazi amene amakhala naye wayenda m'maofesi atatu, paliponse akumuuza kuti abwere mawa. Zina sindilemba. Ine kunja kwa mpanda sindikutuluka, ngakhale kutchalitchi ku Bwacha ndayamba ndaleka. Galimoto ikaima pageti ndimathawira kuseri kwa boyizikota.

China chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Imodzi mwa zazikazi zija yasiya kudya, lero ndi tsiku lachinayi. Yabisala kuseri kwa mwala, kukhosi kwatupa, ndipo imangoyendetsa kamwa ngati ikutafuna kanthu koma yosatsegula. Ndikathira chakudya imabwera, n'kuchiyang'ana, n'kubwerera. Bwana sanaione, poti ndasuntha mwalawo kuti iziphimbika. Ndifunse ndani? Munthu wobadwira m'bwato safunsa matenda a nsomba.

Mwati azakhali anu anangoseka nditawatumizira mawu aja. Asekeni nawo, koma muwabwerezere.

Zacheus


Kabwe
8 Juni 1975

Amake Annet,

Moni. Thupi lili bwino. Ndachita chinthu choipa, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu.

Lamulungu lapitalo bwana ndi mayi anapita ku maliro ku Kapiri. Nsomba ija inali itakwanitsa masiku khumi ndi limodzi osadya, khosi lili tutumu, mimba italowa m'kati. Ndinakumbukira chitopa chimene chinatimalizira nkhuku chaka chija, mmene tinachedwera kupatula yoyamba ija mpaka khola lonse linatha. Ndinati ayi, ulendo uno sindichedwa. Ndinaivuula ndi kaukonde, n'kupita nayo kuseri kwa boyizikota m'beseni. Ndinasinja tsabola ndi phulusa pang'ono, monga amachitira amayi anga m'madzi a nkhuku zodwala, n'kuthira m'besenimo. Mumtima ndinkati ndikuichiritsa.

Inazungulira kawiri, n'kudzimenya m'mbali mwa beseni, kenaka inayasamula. Amake Annet, m'kamwamo munatuluka tiana. Tamoyo, ta maso akuda, tili ndi timimba tachikasu ngati njere za mapira. Tinkangotulukabe, ine nditagwira mtondo m'manja. Ndinathamangira supuni ndi kapu ya madzi abwino, ndinayesa kutitola kamodzikamodzi, koma tsabola anali atatifika kale. Tinaleka kugwedezeka ndikuona. Make ndinamubwezera m'madzi abwino, anapuma pang'ono chagada, dzuwa lisanapendeke anali atafa.

Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira ngati pamaliro, sindikuchita manyazi kukuuzani. Reji yanga inali m'kamwa mwa nsomba ija masiku onsewo, ine n'kumaiona ngati matenda. Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula. Koma inunso tandiuzani, munaonapo chamoyo chofungatira ana m'kamwa?

Ndinazikwirira patsinde pa gwafa, n'kutsukatsuka beseni kuti fungo la tsabola lichoke. Bwana atabwera ndinawauza kuti yaimuna ija yapha mkazi mmodzi ndipo ndamutaya. Anapita pagalasi n'kusuzumira m'tanki. Kenaka anatembenuka n'kunena m'Chinyanja chawo cha kuno, «Yasala imozi. Iyi ikafa, na iwe uzayenda.»

Sindinafunse kuti ndidzayenda kupita kuti.

Kalata iyi mukawerenga muiponye pamoto. Mundipempherere, ine pemphero likumandithera pakati.

Zacheus


Kabwe
13 Julayi 1975

Amake Annet,

Muli bwanji masiku otsirizawa? Ndikuganiza za inu kwambiri. Amayi anu asapite kudimba kutali, azikhala pafupi. Ine ndili bwino. Ndatumiza timalaya tiwiri ta mwana ndi mafuta odzola, timalayato anandipatsa ndi mayi Phoebe.

Nditaona kuti umbuli undipha, ndinalimba mtima n'kutuluka. Ndinadzera njira za kuseri mpaka ku msika wa Bwacha, kwa mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, a Adamson. Iwowa ndiye Mnyasa weniweni, wa ku Likoma, ndipo ndi amene amabweretsa nsomba za ndiwo kunyumba kwa bwana Lachisanu lililonse. Ndinayamba ndi kugula usipa, kenaka ndinafunsa ngati ndikufunsira mnzanga, kuti kodi nsomba ikatupa khosi n'kusiya kudya imakhala yatani.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati kunyanja mwana aliyense wovala kabudula wong'ambika amadziwa kuti chambo ndi mbuna zimasunga mazira m'kamwa. Akuti make amakhala pafupifupi masabata atatu osadya, ndipo chofunika n'kungomusiya, osamudzidzimutsa. Anati ngati ali pamalo opanikizika yaimuna ichotsedwe chifukwa imamuvutitsa, ndipo ndimuikire miyala yambiri yobisalamo. Ndinkangoti inde, inde, kumalemba mumtima.

Nditati ndizipita anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu, «Achimwene, mayi Kasongo amati munthu wawo wa nsomba ndi wa ku Nkhotakota. Nkhotakota yake iti?»

Ndinaona kuti pothawira palibe. Ndinawauza zoona zonse, za Mkanda, za a Beston, za tsabola, za inu. Anangondiwonjezera usipa m'pepala n'kutembenukira kwa wogula wina. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinauza m'bale kapena ndinadzikumbira dzenje. Lachisanu lililonse akafika pakhomo la kukhitchini amandipatsa moni mokweza, mayi ali pomwepo, amvekere a Nkhotakota, mwera wawomba bwanji lero kwanu? Ine ndimaseka nawo, thukuta lili kamukamu kumsana, kuzizira konseku.

A Beston nditawauza anandikalipira kuti ndili ndi pakamwa ngati mkazi wa pamtondo. Ndinawayankha kuti bodzali analiyamba ndi iwo, ine ndikungolisenza. Sitinatsanzikane bwino.

Mbuna yotsala ija ikudya, ili bwino. Ndimaiyang'ana kuposa mmene ndinkakuyang'anirani inu tili pachibwenzi, musakwiye. Za Sailas sikunamveke kanthu.

Ndine wanu,
Zacheus


Kabwe
24 Ogasiti 1975

Amake Annet, amake mnyamata,

Zikomo, zikomo, Mulungu ndi wamkulu. Kalata ya alongo anu inandipeza ndikusintha madzi, ndipo ndinataya ndowa yonse pakhonde. Mwagwira ntchito, mayi. Muli bwanji m'thupi? Mukudya? Mwanayo dzina lake ndi Amon, la malemu bambo anga. Akuti ali ndi mphuno yanga, pepani naye. Muuzeni Annet kuti tsopano ndi wamkulu, asamutsine.

Kuno nako zachitika. Pa 13 mwezi uno mbuna yachiwiri ija inasiya kudya, khosi n'kutupa chimodzimodzi. Ulendo uno ndinadziwa. Ndinachotsa yaimuna n'kuibwezera m'tanki yaikulu, ndinawonjezera miyala, ndinauza mayi kuti wailesi isamalire pafupi. Ndinkayenda chonyang'ama pabalaza.

Lachisanu dzanali bwana anaiona. Anati nsomba iyi yadwala, ichoke msanga isanapatsire zina, ndipo anatenga okha kaukonde. Sindidziwa chimene chinandilowa. Ndinaima pakati pa iwo ndi galasi, ine amene ndimagwada powapatsa madzi akumwa. Ndinati bwana, siikudwala, ili ndi ana m'kamwa, kwathu kunyanja zimatero. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati nsomba ya ana m'kamwa sanaimvepo chibadwire, ndipo ngati ndikuwapusitsa kuti nditalikitse masiku, ali ndi telefoni m'nyumba muno ndipo akudziwa nambala yoimba.

Nthawi yomweyo kukhitchini kunamveka mawu a a Adamson, poti linali tsiku lawo. Bwana anati aitaneni Mnyasa winayo timve. Amake Amon, tangoganizani. Munthu mmodzi m'Kabwe yense wodziwa za tsabola, ndi ameneyo akuvula nsapato pakhomo la pabalaza. Analowa, anawerama pagalasi, anayang'anitsitsa osafulumira. Kenaka anaweramuka n'kunena kuti, «Bwana, munthu wanuyu nyanja amaidziwa. Ipatseni masabata awiri.»

Potuluka sanandiyang'ane n'komwe. Ine ndinapita kuseri kwa boyizikota n'kukakhala pansi. Bwana apereka masabata awiriwo, osawonjezera tsiku.

Mwalemba kuti azakhali anu ayamba kale kuwerenga miyezi ndi kufunsa ngati ndikubwera. Auzeni kuti ndamva. Kansomba kakang'ono ngati chala ndi kamene kanyamula ulendo wanga, ndipo sikanadye masiku khumi ndi awiri. Ndikakayang'ana mmene kawondera ndimachita mantha kuti kameza, kapena kafa kasanalavule. Magetsi akangothima pang'ono ndimathamangira kukagwira galasi kuti ndimve ngati madzi azizira.

Mbuzi yaikazi yamawanga ija musagulitse, ndidzaipha ndekha pa tsiku la Amon.

Ndine bambo wake wa Amon,
Zacheus


Kabwe
14 Seputembala 1975

Amake Amon,

Muli bwanji nonse atatu? Ine ndili bwino kwambiri, lero ndiye ndikunena zoona.

Yalavula. Lachitatu pa 3, chakumasana, ndinaona timadontho tikuyenda pamwamba pa mchenga. Ndinaganiza kuti ndi zinyalala, kenaka ndinaona maso. Ndinathamanga kukaitana mayi, mayi anaimbira bwana ku galaja, bwana anabwera ndi galimoto ngati kwayaka moto. Atafika anagogoda galasi ndi chala chifukwa cha chimwemwe, ndipo make atadzidzimuka anayasamula, tiana tonse n'kuthamangira m'kamwa. Bwana anakuwa kuti yadya ana, yadya ana! Ndinawagwira mkono, ine, n'kuwauza kuti akhale pampando adikire. Tinadikira anthu atatu, ndipo patapita kanthawi inatilavulanso tonse. Bwana anaseka mpaka misozi.

Madzulo ake anaitana anzawo aja ankawaseka. Anandiimika pakati ngati mkwati, kumandifunsa mafunso, ine kumayankha zimene anandiuza a Adamson ngati ndinayamwira. Wina mwa alendowo, wa suti yotuwa, wochokera ku Lusaka, sanaseke nawo. Anangofunsa kuti tianato tikula liti, ndipo ngati ndingathe kuswetsanso zofiira zija.

Lolemba bwana ananditenga pa galimoto yawo kukajambulitsa chithunzi cha reji. Ndinabwereka tayi ya a Beston, tagwirizananso. Akuti zitenga masabata ochepa.

Kauzeni azakhali anu kuti sabata yoyamba ya Novembala ndili pakhomo, ndikwera basi ngati munthu, nditakhala pampando. Akonzekere zawozo. Ndawagulira mpango, ngakhale sakuyenera. Inu ndakugulirani china chimene sindinena. A Adamson ndinawapititsira nkhuku, anakana, akuti ndidzawabweretsere mtedza wa ku Mchinji.

Wanu,
Zacheus


Kabwe
9 Novembala 1975

Amake Amon,

Ndikhulupirira muli bwino, ndi ana. Makalata anu awiri ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinkayembekeza kuti ndikhale ndi chabwino cholemba. Ndikudziwa kuti Lachinayi munakadikira pamsewu.

Reji inatuluka pakati pa Okutobala. Ndinaiona ndi maso anga, ndinaigwira. Chithunzi ndi changa, tayi ya a Beston ikuoneka bwino, koma analembapo kuti ndinabadwira ku Chadiza, dera la kuno limene sindinapondeko phazi. Ndisanamalize kuwerenga bwana anaitenga, n'kuiika m'dilowa ya tebulo lawo, n'kukhoma. Anati aziisunga iwo kuti ingatayike.

Pabalaza pano pali matanki asanu tsopano. Mkulu wa suti yotuwa uja akufuna mbuna zake, ndipo wauza anzake, nawonso akufuna. Yaikazi ija yatupanso khosi. Bwana akuti m'Kabwe muno mulibe wina wodziwa ntchitoyi, ndiye sindingachoke ngakhale masiku atatu, mwina chaka chamawa mvula ikatha.

Ndinagwada, amake Amon. Ndinawafotokozera za mwambo wa kwathu, zinthu zimene mwamuna sauza mwamuna mnzake, mayi Phoebe akumva. Ndinati sabata imodzi yokha, a Adamson angathe kumadzaziona. Mayi anayesa kundinenera, bwana anawauza kuti apite kukhitchini. Kenaka anandiuza mofatsa, osakalipa, kuti pa reji ija pali mawu abodza, ndipo zikadzavuta womangidwa ndi mwini nkhope imene ili pamenepo, osati iwo. Anati ndikadzangosowa pakhomo pano m'mawa umodzi, ndisanafike ku Kapiri adzakhala ataimba kale telefoni.

Ndinapita kwa dalaivala uja, wakana, akuti ali ndi ana. A Beston akuti ndikhale chete, nthawi idzakwana. Ndinaganiza zoyenda pansi kudzera m'tchire, ndinamanga ndi kathumba komwe, koma nditafika pageti ndinakumbukira Sailas, amene mpaka lero palibe akudziwa kumene ali. Ndinabwerera. Ndine wamantha, ndikuvomera. Ndinaganizanso zothira tsabola m'matanki onse asanu, koma zikafa ndiye kuti nanenso ndatha, ndipo inu simudzandionanso.

Mwalemba kuti azakhali anu apereka mpaka mwezi uno ukathe, ndipo akuti mwana wayamba kutentha thupi chifukwa cha kuchedwaku. Mupite naye kuchipatala ku Mkanda, musachedwe. Mukabwerako mupite kwa azakhaliwo, muwagwadire m'malo mwanga, muwapatse mpango ndi bulangete ndatumizazi. Muwapemphe achite za mankhwala okha, popanda mwamuna wina kulowa m'nyumba. Ndamva kuti ena amatero bambo akakhala ku Joni, ndipo ana amakula bwinobwino.

Akakana, musalimbane ndi mudzi wonse muli nokha. Ine ndili kutali, amene muzitunga nawo madzi ndi iwowo, ndipo Amon akadzadwala adzaloza inu. Sindidzakuimbani mlandu, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Koma chinthu chimodzi ndikupempha. Mukamandilembera muzindiuza za mvula, za chimanga, za Annet, za tsiku limene Amon adzamere dzino. Munthuyo musadzanditchulire dzina.

Ndine mwamuna wanu,
Zacheus